WOPANDUKA NDANI?

Pa 3 Ogasiti 1916, m'ndende ya Pentonville, mu mzinda wa London, ananyonga munthu wina wa ku Ireland dzina lace Roger Casement, atampeza wolakwa pa mlandu woukira mfumu ya England. Mtembo wace anaufotsera m'bwalo la ndende momwemo, monga acitira ndi mitembo ya ambanda. Patapita zaka 49, m'caka ca 1965, mafupa ace anafukulidwa natengedwa kunka nao ku Dublin. Kumeneko anakutidwa ndi mbendera ya dziko, asilikari anawaperekeza, anthu zikwi-zikwi anaima m'miseu, ndipo Pulezidenti wa dziko, nkhalamba ya zaka 82, anafika kumanda nalankhula mau omtamanda.

Tsono tifunse: kodi cinasintha n'ciani? Wakufa saonjezapo kanthu pa nchito zace, ndiponso sacotsapo. Zimene Casement anacita zinali zomwezo m'caka ca 1965 monga zinaliri m'caka ca 1916. Cimene cinasintha ndi bwalo lozenga mlandu, ndi anthu okhala pabwalopo. Akulu-akulu amati mlandu suola, ndipo mbiri ya Ireland ibvomereza mau amenewa, pakuti kumeneko mlandu umodzi umazengedwa kawiri kapena katatu, ndipo munthu amene agogo anamucha wopanduka, adzukulu amamucha ngwazi. M'nkhani ino tifuna kulondola dzina limeneli, tione amene amalipereka, cimene amapindula polipereka, ndi m'mene limacokera pa munthu wina kukagwera mnzace.

Mdani ndi wopanduka

Ankhondo a mfumu ya England anayamba kulowa m'Ireland m'caka ca 1169, ndipo m'caka ca 1541 Henry VIII anadzicha Mfumu ya Ireland. Lamulo la Angelezi linayesa munthu ali yense wobadwira pa cisumbuco kukhala mwana wa mfumu ya ku London, afune asafune. Apa ndipo pagona mutu wa nkhani. Mfalansa womenyana ndi England anali mdani cabe, ndipo akagwidwa kunkhondo anali kumsunga kufikira mtendere utabwera. Koma munthu wa ku Ireland wocita zomwezo, pa dziko la makolo ace, anali wopanduka; mphotho yace inali cingwe, ndipo minda yace inali kugwa m'manja mwa mfumu. Cotero dzinali silinali longotukwanira ai, linali ndi phindu lace. Hugh O'Neill, mfumu yaikuru ya ku Ulster, atagonja pa nkhondo ya ku Kinsale m'caka ca 1601, nacoka m'dziko m'caka ca 1607, Boma linati iye ndi anzace ndi oukira, ndipo kuyambira caka ca 1609 minda yao inagawidwa kwa Aprotestanti ocokera ku Scotland ndi England. Adzukulu a alendo amenewa tidzakomana nao kutsogoloku.

M'caka ca 1641 eni dziko a ku Ulster anauka napha alendo aja ambiri, pamodzi ndi akazi ndi ana, ici sitingacibise. Koma atsogoleri a Akatolika atasonkhana ku Kilkenny m'caka ca 1642, analumbira kuti iwo ali anthu omvera a Mfumu Charles I. Pa nthawi yomweyo ku England Nyumba ya Malamulo inali pa nkhondo ndi mfumu yomweyo, ndipo mu Januwale 1649 anaidula mutu. Oliver Cromwell, mmodzi wa anthu amene anasaina kalata ya imfa ya mfumu, ndiye anaoloka nyanja m'caka comweco kudzalanga opanduka a ku Ireland. Pa mzinda wa Drogheda anapha pafupi-fupi asilikari onse osunga mzindawo, amene anali kumenyera mwana wa mfumu yophedwayo, ndipo mtsogoleri wao, Arthur Aston, anali Mngelezi. Taonani tsono: wopha mfumu anakhala woweruza, ndipo oimira mfumu anakhala opanduka. Ufumu utabwezedwa, mtembo wa Cromwell unafukulidwa m'caka ca 1661 nupacikidwa ngati wa woukira; koma kuyambira caka ca 1899 cifanizo cace ciri ciimire pafupi ndi Nyumba ya Malamulo ku London, pamene ku Ireland dzina lace likali lowawa m'kamwa.

Zotere zinacitikanso patapita zaka 40. James II analowa ufumu mwa lamulo, koma popeza anali Mkatolika, akulu-akulu a ku England anaitana mkamwini wace, William wa ku Orange, kuti amlande mpando m'caka ca 1688. Anthu ambiri a ku Ireland anatsata James. Aprotestanti a mu mzinda wa Derry anatseka zipata zao, ndipo mfumu itafika yokha pa linga m'caka ca 1689 anaikaniza kulowa, napirira njala masiku 105. James anagonja pa mtsinje wa Boyne m'caka ca 1690, ndipo ankhondo ace anatula zida ku Limerick m'caka ca 1691. Amene anatsekera mfumu yao kunja akumbukiridwa ndi adzukulu ao kufikira lero monga anthu okhulupirika, ndipo amene anaimenyera nkhondo analembedwa m'buku la oukira, nalandidwa minda. James akadapambana, maina amenewa akadasinthana.

Nkhondo imodzi, mphotho ziwiri

Bungwe la United Irishmen, limene linayambika ku Belfast m'caka ca 1791, linafuna kugwirizanitsa Akatolika ndi Aprotestanti kuti dziko lidzilamulire lokha monga America ndi France. Atsogoleri ace ambiri sanali Akatolika: Wolfe Tone anali Mprotestanti wa ku Dublin, ndipo Henry Joy McCracken, amene ananyongedwa ku Belfast, anali wa mpingo wa Presbyterian. Nkhondo yao inabuka m'caka ca 1798, ndipo m'miyezi yowerengeka munafa anthu zikwi zambiri. Mu Ogasiti gulu la Afalansa ngati 1,000 linakoceza ku Killala ndi mkulu wao Humbert, ndipo anthu a m'midzi anadziphatika kwa iwo. Pa 8 Sepitembala onse anagonja pa Ballinamuck. Afalansa analandiridwa mwaulemu monga andende a nkhondo, nabwezedwa kwao. Koma a ku Ireland amene anaima nao pa mzere umodzi anaphedwa m'madambo ali kuthawa, ndipo ena ananyongedwa pambuyo pace, ngakhale Bartholomew Teeling ndi Matthew Tone amene anali ndi maudindo m'gulu la nkhondo la France. Cimene cinasiyanitsa wamoyo ndi wakufa tsiku limenelo ndi dzina limene lamulo linampatsa.

Nthawi zina dzinali limagwa lokha munthu akangooloka nyanja. M'caka ca 1848, pa nthawi ya njala yaikuru imene inapha anthu ngati miliyoni imodzi, Boma linagwira anyamata ophunzira amene anali kulalikira zouka. Thomas Francis Meagher ndi John Mitchel anapitikitsidwira ku cisumbu ca Tasmania, koma onse awiri anathawira ku America. Nkhondo itabuka kumeneko m'caka ca 1861, Meagher anakhala mkulu wa asilikari a Boma, namenyana ndi opanduka a kumwera. Mitchel anaima ndi a kumwerawo, nateteza ukapolo wa anthu akuda, ndipo ana ace awiri anafera mbali imeneyo. Mnzao wacitatu, Charles Gavan Duffy, amene anazengedwa mlandu kangapo osampeza wolakwa, anapita ku Australia, nakhala nduna yaikuru ya Victoria m'caka ca 1871, ndipo Mfumukazi inampatsa ulemu wa Sir. Nkhani ya Mitchel itiphunzitsanso kuti wolira goli la pa khosi pace sakhala nthawi zonse womvera cisoni akapolo anzace.

Carson ndi Casement

Palibe pena pamene nkhaniyi ioneka poyera koposa pa anthu awiri awa, onse obadwira ku Dublin, onse oleredwa m'Ciprotestanti, onse olemekezedwa ndi ufumu wa England.

M'caka ca 1912 Boma la ku London linabweretsa lamulo lopatsa Ireland nyumba yace ya malamulo ku Dublin, koma pansi pa mfumu yomweyo. Aprotestanti a ku Ulster, adzukulu a alendo aja, anaopa kulamuliridwa ndi Akatolika, ndipo anasankha loya womveka, Edward Carson, kuti awatsogolere. Pa 28 Sepitembala 1912 amuna ndi akazi oposa 470,000 anasaina pangano lokana lamulolo, ndipo amunawo analonjeza kulikana mwa njira iri yonse. M'caka ca 1913 anakhazika gulu lao la nkhondo, nakonza boma lao-lao loti lidzalande Ulster lamulo likadzayamba kugwira nchito. Mu Marici 1914 akulu a asilikari a mfumu pa msasa wa Curragh ananena kuti kuli bwino kusiya nchito kusiyana ndi kukamenyana ndi anthu a Carson. Mu Epulo, usiku umodzi, mfuti pafupi-fupi 25,000 zogulidwa ku Germany zinatsitsidwa pa dooko la Larne ndi madooko ena apafupi. Zonsezi zinacitika Boma likupenya, koma palibe mtsogoleri ndi mmodzi yemwe amene anaimirira pa bwalo la milandu. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka: kumbuyo kwa Carson kunali cipani ca Conservative ndi akulu-akulu a nkhondo. Mu Meyi 1915 Carson anakhala loya wamkuru wa Boma, pambuyo pace nduna yoyang'anira zombo za nkhondo, ndipo atamwalira m'caka ca 1935 anaikidwa ndi ulemu wa Boma m'chalichi cacikuru ku Belfast.

Casement anali kazembe wa Angelezi ku Congo. Iye ndiye anayenda m'midzi ya m'mbali mwa mtsinje waukuruwo, nalemba kalata ya caka ca 1904 youlula nkhanza za anthu a Mfumu Leopold II, amene anali kukwapula, kudula manja ndi kupha anthu cifukwa ca mpira. Anaululanso zotere ku Putumayo, m'dziko la South America, ndipo m'caka ca 1911 analandira ulemu wa Sir. Zimene anaona ku Congo zinamkumbutsa za kwao. Poona kuti a ku Ulster apambana ndi mfuti, iye ndi anzace anati nafenso titero. Nkhondo yaikuru itayamba anapita ku Germany kukapempha cithandizo, ndipo pa 21 Epulo 1916 anatsika m'sitima yoyenda pansi pa madzi pa gombe la Kerry, nagwidwa tsiku lomwelo. Combo cimene cinanyamula mfuti 20,000 cinagwidwanso, ndipo amalinyero ace anacimiza. Anamzenga ndi lamulo la caka ca 1351, ndipo womneneza anali F. E. Smith, amene zaka zitatu zapitazo anali kuyenda pa kavalo pambali pa Carson poyendera gulu lija la ku Ulster.

Tinene zoona, kusiyana kunalipo. Anthu a Carson sanaombere msilikari wa mfumu, ndipo ambiri a iwo anapita ku France, nafa mwaunyinji pa Somme mu Julayi 1916. Casement anapangana ndi mdani nkhondo iri mkati. Komabe mfuti za onse awiri zinacokera ku dziko limodzi, ndipo onse awiri anakonzeka kukana Nyumba ya Malamulo ndi zida. Wina anali ndi abale m'nyumba ya mfumu, wina analibe.

Sabata la Pasaka

Lolemba la Pasaka, pa 24 Epulo 1916, anthu oposa pang'ono 1,000 analanda positi ofesi yaikuru ndi nyumba zina mu Dublin, ndipo Patrick Pearse anawerenga kalata yonena kuti Ireland tsopano ndi dziko loima palokha lopanda mfumu. Palibe amene anawasankha kuti acite zimenezi. Anagonja pa 29 Epulo, pakati pa mzinda patasanduka phulusa, ndipo mwa anthu pafupi-fupi 485 amene anafa, oposa theka anali anthu wamba. Andende ali kupita nao m'miseu, anthu ena a mu mzindawo anawatukwana, makamaka akazi amene amuna ao anali kunkhondo ku France m'gulu la mfumu.

Boma likadawatsekera m'ndende cabe, kapena mbiri ikadawayesa gulu la anthu osaganiza bwino. Koma mkulu wa asilikari, John Maxwell, anawazenga m'seri, ndipo kuyambira pa 3 kufikira pa 12 Meyi anaombera atsogoleri 14 m'ndende ya Kilmainham, awiri lero, anai mawa, ndi mmodzi ku Cork. James Connolly, amene sanathe kuimirira cifukwa ca bala, anammangirira pa mpando namuombera. Anthu ena ngati 3,500 anagwidwa m'dziko lonse, ambiri a iwo osadziwa kanthu. Mitima inatembenuka. M'caka ca 1918 Boma linafunanso kulemba anyamata usilikari mokakamiza, ndipo pa cisankho ca mu Disembala cipani ca Sinn Féin cinatenga mipando 73 mwa mipando 105. Cotero cilolezo cimene opanduka analibe pa tsiku louka, anthu anawapatsa ali m'manda.

Panatsata nkhondo ya zaka ziwiri ndi theka. Boma la Lloyd George linacha anthu a Michael Collins gulu la ambanda, koma pa 6 Disembala 1921 nduna zomwezo zinasaina naye pangano ku London, ndipo pakati pa osainawo panali F. E. Smith yemwe uja, amene tsopano anali kuchedwa Lord Birkenhead.

Caona mnzako capita

Panganolo linasiya maboma ang'ono 6 a kumpoto m'manja mwa Britain, ndiponso linafuna kuti aphungu a ku Dublin alumbire m'dzina la mfumu. Nyumba ya Malamulo inalibvomera ndi mavoti 64, okana 57, ndipo mu Juni 1922 anthu amene dzulo anali kubisala m'nyumba imodzi anayamba kuphana. Opanduka a dzulo, atakhala Boma, anatola dzina lija pamene Angelezi analisiya, naliika pa abale ao. Collins anaphedwa mu Ogasiti m'dera la kwao ku Cork. Boma latsopano linapha andende osacepera 77, ciwerengero coposa kutali ca caka ca 1916. Erskine Childers, amene anabweretsa mfuti ku Howth m'caka ca 1914, anaomberedwa cifukwa anampeza ndi kamfuti kamene Collins yemwe anampatsa. Rory O'Connor anaphedwa ndi cilolezo ca nduna Kevin O'Higgins, amene pa ukwati wace caka capitaco O'Connor yemweyo ndiye anamuimirira. Mwana wa Childers anakhala Pulezidenti wa dzikolo m'caka ca 1973.

Éamon de Valera anabvala dzinali kawiri, nalibvekanso ena. M'caka ca 1916 anaweruzidwa kuti afe, koma anamkhululukira. M'caka ca 1923 anatsekeredwa ndi Boma la anthu a mtundu wace. M'caka ca 1932 anakhala mtsogoleri wa Boma. M'caka ca 1936 analetsa gulu la IRA, ndipo pa nthawi ya nkhondo yaciwiri ya dziko lonse anatsekera ambiri a iwo, ena naphedwa mwa lamulo. Iyeyu ndiye nkhalamba ija inaima pa manda a Casement.

Amene mbiri inawasiya kunja

M'caka ca 1966 masiteshoni a sitima anapatsidwa maina a anthu ophedwa aja: Kingsbridge anakhala Heuston, Amiens Street anakhala Connolly, ndipo wa ku Tralee anakhala Casement. Koma pamene ena anali kukwezedwa, ena anali kuiwalika. Anthu a ku Ireland ngati 200,000 anamenya nkhondo yoyamba ya dziko lonse m'gulu la mfumu, ndipo oposa 30,000 anafera komweko. Ambiri anapita pokhulupirira kuti ali kugulira dziko lao ufulu, koma otsala anabwerera ku dziko limene silinafune kumva za iwo. Ngakhale m'caka ca 2020, pamene Boma linafuna kukumbukira apolisi a nthawi ya Angelezi, amene ambiri anali Akatolika a m'midzi, anthu anakana kolimba ndipo mwambowo unalekeka.

Kumpoto mlandu unazengedwa ndi mwazi. Kuyambira caka ca 1969 kufikira pangano la caka ca 1998 kunafa anthu ngati 3,500. A IRA anati iwo ndi olowa nyumba a Pearse ndi Connolly. Boma la Britain linati ndi ambanda. Ndipo anthu ambiri a kumwera, amene anali kulemekeza ngwazi za caka ca 1916, anakana kuti oponya mabomba pakati pa anthu wamba ali pa mzere umodzi nazo. M'caka ca 1981 andende 10 anafa ndi njala yodzifunira pokana kuyesedwa akaidi wamba, ndipo woyamba wao, Bobby Sands, anasankhidwa kukhala phungu ali m'ndende. Martin McGuinness, amene anali mtsogoleri m'gulu la IRA, analowa m'Boma la kumpoto, ndipo m'caka ca 2012 anagwirana canza ndi Mfumukazi Elizabeth II. Mfumukaziyo m'caka ca 2011 inali itaweramitsa mutu ku Dublin, pa munda wokumbukira anthu amene anaukira makolo ace.

Mau otsiriza

Tikasonkhanitsa zonsezi tiona kuti dzina la wopanduka limaperekedwa katatu. Poyamba alipereka mwini lamulo, pa tsiku la mlandu. Kaciwiri alipereka wopambana nkhondo. Kacitatu alipereka adzukulu, amene amasankha pakati pa akufa anthu owayenera kukhala makolo a dziko limene iwo ali kumanga. Mwa oweruza atatuwa palibe amene alibe cace pa mlanduwo.

Koma tisafulumire kunena kuti popeza maina amasintha, cabwino ndi coipa palibe. Anthu ophedwa ku Ulster m'caka ca 1641, a ku Drogheda, ana amene anagwa ndi zipolopolo m'miseu ya Dublin pa Pasaka, onsewa anafa ndithu, ndipo kusintha kwa maina sikuwaukitsa. Cifukwa cace wowerenga mbiri akapeza dzinali m'buku, ayenera kufunsa: analipereka ndani, ndipo anapindula ciani? Kodi Boma loukiridwalo anthu analibvomera, kapena linangodziika lokha? Kodi njira ina yodandaulira inalipo? Nanga woukayo anawacita ciani anthu opanda zida, ndi adani ace atagwa m'manja mwace? Mafunso amenewa ayenera Cromwell ndi Carson monga ayenera Tone ndi Collins.

Amanena kuti mzinda wa Cork unachedwa mzinda wa opanduka cifukwa m'caka ca 1491 unalandira Perkin Warbeck, munthu wodzinenera kuti ufumu wa England ndi wace. Linali dzina lonyoza. Lero anyamata a ku Cork akamalowa m'bwalo la masewera ndi malaya ao ofiira, anthu a kwao amawapfuulira ndi dzina lomwelo, ndipo amanyada nalo.